Mnzanu wa kuntchito akamakuipitsirani mbiri: zochita nkhani isanalowe mu fayilo yanu

Miseche ya kuntchito siyamba ndi phokoso. Mumangoona kuti anthu amene mumadya nawo nkhomaliro ayamba kukhala kwina, dzina lanu lasowa pa mndandanda wa opita ku wekishopu ku Salima, ndipo abwana amene ankakusiyirani makiyi a sitolo osaganiza kawiri tsopano akufuna kumawerenga okha katundu madzulo alionse. Pofika tsiku limene wina akukukokerani pambali n'kukufunsani kuti, "Kodi mwamva zimene akukunenani?" nkhaniyo imakhala itayenda kale masabata angapo.

Mawu a pakamwa paokha sachotsa munthu ntchito. Amapweteka akasanduka pepala: kalata yochenjeza, fomu yoyeza kagwiridwe ka ntchito yolembedwa moipa, lipoti lopita ku likulu. Ndiye nkhondo yanu yeniyeni ili pa mapepala. Wojedayo ali ndi pakamwa. Inu mukhale ndi masiku, zikalata ndi mboni, ndipo zifike kwa oyenera fayilo yanu isanadetsedwe.

Yambani ndi kudziwa chimene chikunenedwa

Amene wakubweretserani nkhaniyo mufunseni modekha zinthu zinayi: mawu enieni amene ananenedwa, tsiku lake, malo ake, ndi anthu amene analipo. Kenako funso lachisanu, lomwe ndi lalikulu kuposa onse: "Munamva nokha, kapena munachita kuuzidwa?" Zambiri zimathera pomwepa, chifukwa "akuti" alibe mwini. Musamuonetse mkwiyo ndipo musamutume ndi yankho. Wonyamula nkhani kubwera nayo kwa inu amanyamulanso yanu kubwerera nayo, ndipo nthawi zina iyeyo ndiye akusonkheza moto mbali zonse ziwiri.

Mukadziwa mawuwo, ayezeni kulemera kwake. Zoti mumanyada, simupereka moni, kapena mumavala mopitirira malipiro anu, zisiyeni. Kuzithamangira ndi kuzipatsa miyendo. Zokhudza ntchito yanu, monga zoti mumajomba, mumachedwetsa malipoti kapena mumalakwitsa mawerengero, zimayankhidwa ndi umboni wa ntchitoyo. Koma pali gulu lina lomwe siliyenera kugona: kukunamizirani kuba, kulandira ziphuphu, kugona ndi abwana kuti mukwezedwe, kukhwima, kapena kufalitsa za matenda anu. Izi zimatha kukuchotsetsani ntchito, kukuphwasulirani banja kapena kukumangitsani, ndipo pa izi muyambe kuchitapo kanthu sabata yomweyo.

Dzifunseninso nokha, mopanda kudzinyengerera, ngati m'nkhaniyo muli kachoonadi. Ngati mwachedwadi kufika kasanu mwezi uno, wojedayo wangokulitsa chinthu chomwe chilipo, ndipo buku losayina pa geti lidzamuikira kumbuyo. Konzani kaye pamenepo. Munthu amene akukana zonse, ndi zoona zomwe, amataya chikhulupiriro pa tsiku lomwe akuchifuna kwambiri.

Kope limodzi, losungidwa kunyumba

Gulani hadikava yaing'ono ndipo muzilembamo tsiku lomwelo chinthu chachitika, musanagone. Isakhale mu dilowa ya kuofesi kapena mu kompyuta ya kampani, chifukwa tsiku limene angakuimitseni ntchito simudzaloledwa kuzigwiranso. Cholemba chabwino chimaoneka chonchi: "Lachiwiri pa 14, cha m'ma 10 koloko m'mawa, m'chipinda cha misonkhano. Uje ananena kuti makuponi a mafuta a galimoto amasowa ndikakhala pa ntchito ine. Analipo abwana a gawo lathu, dalaivala ndi mlembi. Ndinayankha kuti tione buku la makuponi. Bukulo silinabweretsedwe." Mwaona kuti mulibe "anandinyoza" kapena "amandida kuyambira kale". Lembani zimene kamera ikanajambula ndi zimene khutu linamva. Maganizo anu pa munthuyo sathandiza pa komiti yosungitsa mwambo, ndipo kope lodzaza ndi ukali limakusandutsani inuyo wooneka ngati wamangawa.

Ngati nkhaniyo ili pa gulu la WhatsApp kapena pa Facebook, jambulani screenshot nthawi yomweyo, chifukwa wolembayo atha kufufuta uthengawo kwa aliyense mkwiyo ukamuphwa. Chithunzicho chionetse dzina la gulu, nambala kapena dzina la wolemba, tsiku ndi nthawi, komanso mauthenga awiri kapena atatu a pamwamba ndi pansi pake, kuti asadzanene kuti mwadula nkhani pakati. Tumizani zithunzizo ku imelo yanuyanu, poti foni imabedwa, imagweranso m'madzi. Voice note isungeni momwe ilili, osaidula.

Pali malire awiri oti musawadumphe posonkhanitsa umboni. Musatsegule foni, imelo kapena kompyuta ya mnzanuyo iye kulibe. Gawo 21 la Malamulo Aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu aliyense, wojeda yemwe, ndipo mlanduwo utembenukira inu. Musatulutsenso zikalata zachinsinsi za kampani, monga za malipiro a anthu ena, mafayilo a odwala kapena a makasitomala, n'cholinga chodziteteza. Lembani nambala ndi tsiku la chikalatacho m'kope mwanu, ndipo mudzapemphe kuti chibweretsedwe pa nthawi yomva nkhani.

Tsekani mipata pa ntchito yanu

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, chifukwa amatanganidwa ndi kufufuza amene wanena chiyani pomwe ntchito yawo ili pambalambanda. Amene akufuna kukugwetsani amadikira kulakwitsa kumodzi koona kuti mabodza khumi aja aoneke ngati anali oona.

Ngati mumagwira ndalama, mafuta, mankhwala kapena katundu wa m'sitolo, musalandire kapena kupereka kanthu popanda kuwerengera limodzi ndi kusayinirana, ngakhale wolandirayo akhale mnzanu wa ku tchalitchi kapena ku mzikiti. Posinthana shifiti, lembani chiwerengero, tsiku ndi nthawi, nonse awiri musayine. Pasiwedi yanu isinthidwe lero, ndipo musabwerekenso munthu "kwa mphindi ziwiri zokha". Chilichonse chochitika pa dzina lanu mu kompyuta chimawerengedwa kuti mwachita ndinu. Lisiti iliyonse ya ulendo wa kuntchito ijambulidwe pa foni musanaipereke ku akaunti.

Malangizo a pakamwa asandutseni olembedwa. Abwana kapena mnzanuyo akakuuzani m'khonde kuti lipoti likufunika Lachisanu osati Lachitatu, bwererani pa desiki n'kulemba mizere iwiri: "Potsatira zomwe takambirana m'mawa uno, lipoti ndipereka Lachisanu pa 17. Ngati ndamva molakwika, chonde ndidziwitseni." Sizionetsa mwano, ndipo zimatseka njira ya uja amakuuzani tsiku lolakwika kenako n'kukanena kuti ndinu wochedwa. Ngati vuto ndi loti mnzanuyo amatenga ntchito yanu n'kukaionetsa ngati yake, muzitumiza ntchitoyo kwa iye ndi kwa abwana pa imelo imodzi, isanafike pa msonkhano.

Chinthu china chaching'ono koma champhamvu: Lachisanu lililonse tumizani kwa amene amakuyang'anirani mizere isanu yonena zomwe mwamaliza sabata imeneyo, zomwe zatsala ndi chomwe chikuchedwetsa. Osatchulamo mnzanuyo. Pakatha miyezi iwiri abwana amakhala ndi masabata asanu ndi atatu a ntchito yooneka, ndipo mawu oti "ndi waulesi" amasowa pokhazikika.

Kukumana naye maso ndi maso

Ngati nkhaniyo si ya chiwerewere kapena kuopsezana, ndipo munthuyo si bwana wanu, yambani mwalankhula naye. Ena amasiya pongodziwa kuti mwadziwa, komanso mukadzapita kwa akuluakulu funso lawo loyamba lidzakhala loti, "Kodi munakambirana?"

Sankhani nthawi ya ntchito ndi malo a kuntchito, chitseko chotseka. Osati pa maliro, osati m'minibasi, osati ku bawo kapena kumowa Loweruka. Pakhale munthu mmodzi wachitatu amene nonse mumamulemekeza, wamkulu pa zaka kapena nthumwi ya bungwe la ogwira ntchito, osati mnzanu wapamtima amene adzaoneke kuti wabwera kudzakuthandizani ndewu. Zisapitirire mphindi khumi. Mawu ake akhale ngati awa: "Achimwene, Lachiwiri pa msonkhano munanena kuti makuponi amasowa ndikakhala pa ntchito ine. Mawu amenewo ndi olemera, ndipo si oona. Ngati muli ndi umboni, tiyeni tipite limodzi kwa abwana lero tikaone buku. Ngati mulibe, ndikupempha kuti zithere pano, ndipo mukonze kwa anthu amene anamva."

Mukatero khalani chete, ayankhe. Akati ankangocheza, muuzeni kuti nthabwala yotere imachotsetsa munthu ntchito ndipo isabwerezedwe. Akafunsa amene wakuuzani, musatchule; nenani kuti nkhani ndi mawuwo, osati wowanyamula. Mukaulula mboni yanu lero, mawa palibe adzakuuzeninso kanthu. Akakwiya n'kuyamba kukweza mawu, imirirani, thokozani mkulu uja, tulukani, kalembeni m'kope.

Chomwe chimaononga kukumana kotere ndi kufukula zakale. Mukangoyamba za ngongole ya chaka chatha kapena za mmene anakulandirani udindo, nkhani yasanduka ya anthu awiri odana, ndipo akuluakulu amakonda kuweruza nkhani yotere ponena kuti nonse ndinu olakwa. Choopsa kuposa apo ndi dzanja. Kumenya munthu pa ntchito, ngakhale atakuputani chotani, kumapatsa olemba ntchito mpata wokuchotsani nthawi yomweyo popanda notisi pansi pa gawo 59 la lamulo la Employment Act la 2000. Kubwezera pa status ya WhatsApp ndi mawu okuluwika nakonso kumangomupatsa screenshot yoti akaonetse.

Kukadandaula molemba

Zikapitirira, kapena ngati bodzalo ndi la gulu loopsa lija, pitani kwa amene amakuyang'anirani mwachindunji, pokhapokha ngati iyeyo ndiye mwini nkhani. Musanapite werengani buku la malamulo a pantchito panu pa gawo la madandaulo, kuti mudziwe wolandira kalata ndi masiku oyankhira. Kudumpha bwana wanu n'kukagwa kwa mkulu wa kampani, kapena mphunzitsi kulambalala ahedi n'kuthamangira kwa mlangizi wa sukulu za pulayimale wa m'deralo (PEA) popanda chifukwa, kumakupangirani mdani wachiwiri.

Kalata ikhale ya tsamba limodzi. Ndime yoyamba inene kuti mukudandaula za mawu onama okhudza ntchito yanu. Yachiwiri itchule zochitika ziwiri kapena zitatu zamphamvu kwambiri, chilichonse ndi tsiku, malo, mawu ndi mboni zake. Khumi zofooka zimaphimba zitatu zamphamvu. Yachitatu ionetse mmene zakhudzira ntchito, mwachitsanzo kuti mwachotsedwa pa ntchito yosunga makiyi kapena kasitomala wakana kuthandizidwa ndi inu. Yomaliza inene chimene mukufuna: kuti nkhaniyo ifufuzidwe, mabuku aonedwe, ndipo zotsatira zake mupatsidwe molemba. Musapemphe kuti mnzanuyo achotsedwe ntchito. Chilango ndi cha olemba ntchito, ndipo pempho lotere limachititsa kalata yonse kuoneka ngati yobwezera. Pa nkhani ya ndalama kapena katundu, kupempha nokha kuti abwere owerengera chuma ndi mawu amphamvu kuposa kulumbira kulikonse.

Sindikizani makope awiri. Wolandirayo asayine ndi kulemba tsiku pa kope lanu, adindepo chidindo ngati chilipo. Kalata yopanda umboni woti inalandiridwa imasowa mosavuta. Pakatha masiku 14 popanda yankho, lembani chikumbutso chachifupi chotchula tsiku la kalata yoyamba, ndipo kope lipite ku ofesi yoona za ogwira ntchito. Mboni zanu muzipemphe musanazilembe maina. Munthu amene wangodzidzimuka ataitanidwa amati sanamve kalikonse, poti nayenso ali ndi ana oti adyetse.

Nthawi zina wojedayo ndi mlamu wa abwana kapena wakwawo, khoswe wokhala pamkhate. Pamenepo musalimbane nokha. Ngati muli membala wa bungwe la ogwira ntchito, monga Teachers Union of Malawi kwa aphunzitsi, Civil Servants Trade Union kwa ogwira ntchito m'boma, kapena National Organisation of Nurses and Midwives kwa anamwino ndi azamba, nthumwi yawo idziwe nkhaniyi kuyambira pa kalata yoyamba. Amene alibe bungwe atha kukafunsa uphungu ku ofesi ya zantchito ya m'boma lawo asanachotsedwe n'komwe.

Kalata ikabwera kwa inu

Apa ndiye pofunika mutu wozizira. Mukapatsidwa kalata yochenjeza kapena yofuna kuti mufotokoze, musakane kuilandira, poti kukana kumalembedwa ngati mwano. Sayinani, ndipo pafupi ndi siginecha lembani kuti, "Ndalandira pa tsiku ili. Sindikugwirizana ndi zomwe zalembedwa, yankho langa likubwera." Yankhani mkati mwa masiku amene apereka, mfundo ndi mfundo, ndipo pemphani kuti yankholo liikidwe mu fayilo pamodzi ndi kalatayo. Chenjezo losayankhidwa limadzawerengedwa ngati kuvomera, ndipo ndi limene amadzaimikapo lachiwiri ndi lachitatu.

Lamulo lili kumbali yanu pa zinthu zingapo zomveka. Gawo 57 la Employment Act limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chenicheni chokhudza khalidwe lake, luso lake kapena kayendetsedwe ka ntchito, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena luso, apatsidwe kaye mpata wodziteteza pa zomwe akumuneneza. Gawo 61 limasenzetsa olemba ntchito udindo woonetsa chifukwacho. Akalephera, kuchotsako kumatengedwa kuti n'kopanda chilungamo. "Anthu akunena" si umboni. Choncho mukaitanidwa ku komiti yosungitsa mwambo, pemphani molemba kuti akupatseni mlandu wake wolembedwa, zikalata zomwe adzagwiritse ntchito, nthawi yokwanira yokonzekera, mwayi wobwera ndi mboni ndi wokuperekezani, komanso kuti wokunenezaniyo adzakhalepo mumufunse mafunso. Mafunso ake ndi omwe aja: liti, kuti, munaona nokha, analipo ndani. Bodza limavutika ndi masiku. Ogwira ntchito m'boma ali ndi gawo 43 la Malamulo Aakulu, lomwe limawapatsa ufulu wopatsidwa zifukwa molemba pa chiganizo chowakhudza, ndipo atha kukadandaula ku ofesi ya Ombudsman, yomwe imafufuza madandaulo okhudza maofesi a boma.

Musalembe kalata yosiya ntchito chifukwa cha mkwiyo kapena manyazi, ngakhale wina akunyengerereni kuti "tulani pansi udindo kuti mbiri yanu isaipe". N'zoona kuti gawo 60 la Employment Act limazindikira munthu amene wasiya ntchito chifukwa khalidwe la olemba ntchito lafika posapiririka, koma kuti zimenezo zimveke pamafunika kuonetsa kuti munadandaula ndipo iwo sanachitepo kanthu. Makalata odindidwa aja ndi amene amagwira ntchito pamenepa.

Mukachotsedwa, musadalire mwambi woti mlandu suola. Gawo 62 limapereka miyezi 3 kuchokera tsiku lochotsedwa kuti mukadandaule kwa mkulu wa ofesi ya zantchito m'boma lanu. Akalephera kuyanjanitsa pakatha mwezi umodzi, nkhani itha kupita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito, lomwe lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Khotilo litha kulamula kuti mubwezeretsedwe pa ntchito kapena mupatsidwe chipukuta misozi, chomwe sichichepera malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene wagwira zaka zosapitirira 5, masabata awiri mpaka zaka 10, masabata atatu mpaka zaka 15, ndi mwezi wathunthu pa chaka kwa wopitirira apo. Limaonanso ngati inuyo munathandizira kuti muchotsedwe, n'chifukwa chake kudziletsa kuja kuli ndi mtengo wake.

Mabodza omwe ali ndi malamulo awoawo

Ngati miseche inayamba mutakana kumufuna munthuyo, kapena ikukhudza thupi lanu ndi zogonana, musakumane naye panokha ndipo musaitenge ngati mkangano wamba. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka 5 kundende. Bungwe la Malawi Human Rights Commission limalandira madandaulo ake. Kuulula kuti munthu ali ndi HIV popanda chilolezo chake, kapena kumusala pa ntchito pa chifukwa chimenecho, n'koletsedwa ndi lamulo la HIV ndi Edzi la 2018. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la Witchcraft Act la 1911, ndipo bodza loti "anakhwimira udindo" lisatengedwe mopepuka, makamaka kwa mphunzitsi kapena wazaumoyo wokhala pakati pa mudzi, kumene mawu otere amatha kubweretsa gulu la anthu pakhomo. Kuzunza munthu kudzera pa foni ndi intaneti kuli pansi pa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, ndipo nkhani zake zimayambira kupolisi.

Bodza la chibwenzi muwauze akunyumba nokha, msanga, asanalimvere ku msika kapena kwa apongozi. Likafika kudzera kwa ena limaoneka ngati chinsinsi chomwe chaululika.

Kusumira munthu ku khoti pa mlandu woipitsa mbiri n'kotheka, koma kumadya ndalama ndi nthawi, ndipo muyenera kuonetsa mawu enieni, kuti ananenedwa kwa anthu ena, komanso kuti akunena inu. Kawirikawiri kalata ya loya yofuna kuti apepese ndi kubweza mawu ake pasanathe masiku 7 imakwanira. Amene sangakwanitse kulipira loya akafunse ku Legal Aid Bureau ngati angathandizidwe.

Nkhani ikatha mokomera inu

Kupepesa kwa m'chipinda chotseka sikuchotsa bodza lomwe linanenedwa pa msonkhano wa anthu makumi awiri. Pemphani kuti kukonzako kuchitikire pomwe bodzalo linanenedwera: ngati panali pa gulu la WhatsApp, alembe pomwepo; ngati unali msonkhano, zilowe m'maminitsi a msonkhano wotsatira. Pemphaninso kalata yonena kuti kafukufuku sanakupezeni ndi mlandu, kope limodzi mu fayilo, lina kunyumba, ndipo ngati panali chenjezo lochokera pa bodzalo, lichotsedwe molemba. Mnzanuyo mupitirize kumupatsa moni ndi kugwira naye ntchito mwaulemu, koma kusayinirana ndi maimelo otsimikiza aja musasiye.

Mukaganiza zochoka pamalopo, chokani mutapeza kwina, ndipo tengani satifiketi yosonyeza kuti munagwira ntchito, yomwe gawo 31 la Employment Act limakupatsani mukaipempha. Imatchula nthawi yomwe mwagwira ndi udindo wanu, ndipo chifukwa chochokera chimalembedwa pokhapokha inu mutafuna. Musanalembe dzina la munthu aliyense ngati wokuchitirani umboni pa kalata yofunsira ntchito yatsopano, mufunseni kaye, mumuonetse kalata yokuyeretsani ija, ndipo mumve kuchokera pakamwa pake zimene adzanene foni ikalira.